Siyani za makina, tiuzeni asodziwo mwawadinda kangati

Funso: Ndili ndi kashopu ku Katoto, mu Mzuzu, komwe ndimagulitsa zithunzi zodinda za anyamata atatu. Amasema pa lino (chinthu chonga mphira choyala pansi m'nyumba), kupaka inki, n'kudinda papepala ndi manja. Chithunzi chimodzi ndi K25,000 ndipo timagawana pakati. Cha asodzi a ku Nkhata Bay chimayenda malonda, moti chikatha timangodinda china. Ndikufuna kukongola K2,000,000 ku banki mkhonde, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi, kuti ndigule makina odindira. Nditenge? Mayi wa ku Chibavi.

Yankho: Mayi, za ngongoleyo tithane nazo msanga. Chiwongoladzanja chokha ndi K400,000 mwezi uliwonse. Inu pachithunzi mumatsala ndi K12,500 musanachotse lendi, ndiye kuti muzigulitsa zithunzi 32 pamwezi pongodyetsa anzanu a m'gulu, ngongole ili chiimire. Musatenge. Msana wa supuni yamtengo umadinda lino bwinobwino, chimafunika ndi kufatsa.

Chandithyola m'nkhongono ndi mawu anu akuti "chikatha timangodinda china". Zatuluka zingati mpaka lero? 40? 90? Mukukanda m'mutu, ndikudziwa. Pepala ndi inki yake mwina sizifika K3,000. Zotsalazo wogula amalipirira lonjezo lakuti zithunzi zotere zilipo zowerengeka, ndipo lonjezolo ndi timanambala ta pensulo pansi pake: 7/30, kutanthauza chachisanu ndi chiwiri mwa 30. Mlendo akachipeza chomwecho chitapachikidwa m'malo ogona anayi kuchokera ku Mzuzu mpaka ku Chintheche, amadziwa kuti anagula kalendala pamtengo wa mbuzi.

Malondawa ali ndi mbiri yake. Ku New York, Reeves Lewenthal anayambitsa kampani ya Associated American Artists mu 1934, anthu ali pa umphawi wadzaoneni. Ankagulitsa zithunzi za akatswiri ngati Thomas Hart Benton ndi Grant Wood pa madola 5 chimodzi, kudzera m'masitolo akuluakulu ndi papositi. Mtengo wotsika, inde, koma chiwerengero chinali chomangidwa, kawirikawiri 250, chilichonse chosainidwa ndi mwini wake. Bizinesiyo inatsekedwa mu 2000, itatha zaka 66.

Inuyo chitani chonchi. Musanadinde, gwirizanani nambala ndi mnyamata wosema chithunzicho, tinene 30. Adinde 36, chifukwa zina zimatuluka ndi mabala pomwe inki inachepa, zina pepala limasuntha mizere n'kuwirikiza. Zoipazo zing'ambidwe inu muli pomwepo, zisapite m'chikwama cha munthu. Zitatu zikhale zake, zolembedwa A/P (kutanthauza za wojambula mwini, kunja kwa 30 zija), ndipo nazonso zilowe m'kaundula. Asaine ndi pensulo, osati bolopeni, yomwe imasuluka ikaona dzuwa. Cha 30 chikatuluka, adule mzere wakuya wopingasa pa lino ija kuti isadzabalenso.

Tsopano kope, nkhani imene owerenga atopa nayo koma sindisiya. Tsamba limodzi, chithunzi chimodzi. Mizere 30. Pamzere uliwonse tsiku, wogula, mtengo, ndi siginecha ya wojambula posonyeza kuti walandira gawo lake. Chomwe mwabwereketsa ku loji kuti akugulitsireni chilembedwe ndi nambala yake, chifukwa "tinasiya zingapo" sichiwerengero.

Ndipo K12,500 ya mnyamatayo si yanu ngakhale usiku umodzi. Ikakhala pa Mpamba kapena Airtel Money yomwe mumagulira ndiwo, alamu anu akaimba za fizi mudzaitumiza mukuti mubweza Lachisanu. Simudzabweza. Mnyamatayo sadzakangana nanu, adzangoyamba kudinda zake usiku n'kumagulitsa kumsika pa K8,000, ndipo nambala zanu zonse zidzasanduka bodza. Mutumizireni tsiku lomwelo.

Ngati ndalama zikukuyabwani, gulani kabati youma. Chinyezi cha Mzuzu chimachedwetsa inki yamafuta kuuma, nthawi yozizira imatha sabata ikumatabe. Yanikani pachingwe ndi mapegisi, musasanjikize, ndipo zouma zigone chafulati, pepala loyera pakati, kutali ndi simenti ndi khoma, apo ayi chuku chizidya madontho.

Asodzi aja musawapatse nambala lero, mungakhale mukunama. Agulitseni motchipa ngati zithunzi zopanda malire, muwauze ogula zoona. Mnyamatayo aseme china chatsopano, chimenecho chiyambe pa 1/30, patsamba loyamba la kope.