Ma floppy a bambo sakutseguka pa Linux

FUNSO: Akulu, ine Linux ndangoiyamba kumene, mnzanga anandiikira Ubuntu (mtundu wina wa Linux) pa kompyuta yakale ya malemu bambo anga. Nde mu sutikesi yawo ndapezamo ma floppy olembedwa kuti "makalata a munda", koma ndikalowetsa palibe chikuchitika olo pang'ono. Pa Windows ndinkangodina A: basi. Apapa A: ali kuti? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Pepani ndi imfa ya bambo achimwene. A: yo musavutike kuisaka, pa Linux kulibe zimenezo, drive ya floppy imatchedwa /dev/fd0 ndipo siitseguka yokha, mumachita kuilumikiza ku foda, zomwe amati ku mount.

Koma musanalowetse, tembenuzani floppy yo muone kakona kamene kali ndi kabatani kotsetsereka, kakankheni mpaka bowo lioneke, mukatero palibe chingafufutike ngakhale mutalakwitsa. Kenako tsegulani terminal (pulogalamu yolembamo malamulo) mulembe sudo modprobe floppy, chifukwa Ubuntu wa masiku ano nthawi zambiri saiyatsa yekha drive imeneyi. Ndiye sudo mkdir /mnt/floppy, kenako sudo mount -o ro /dev/fd0 /mnt/floppy. Mukamva kakulira krrr krrr ndi kagetsi kobiriwira kayaka, zatheka, lembani ls /mnt/floppy muone mafayilo. Ikati fd0 kulibe, kasuzumireni mu BIOS (ma setting a kompyuta omwe mumalowamo ikamayaka kumene) mwina anaithimitsa, kapena chingwe chophwatalala chija chinazuka mkatimo. Zikakanika ndithu pezani drive ya USB, imeneyo imabwera ndi dzina lina ngati /dev/sdb, lembani lsblk musake ya 1.4M, dzina lakelo mulembe m'malo mwa /dev/fd0 pochita mount.

Zikangotseguka kopelani zonse pompo, cp -r /mnt/floppy ~/zabambo, osati muyambe kuwerenga makalata muli pa floppy pomwepo ayi. Zinthuzi zimasunga ndi maginito, chinyezi ndi nkhungu za mu sutikesi zimazidya, lero iwerenga mawa ikana, ndipo a Sony omwe anasiya kupanga mu 2011. Yonse ndi 1.44 MB yokha, olo chithunzi chimodzi cha pa foni sichikwanamo.

Potulutsa yambani mwalemba sudo umount /mnt/floppy (ndi umount, osati unmount, ambiri amagwa apa), mudikire kagetsi kazime. Makalatawo akakhala a WordPerfect kapena Word yakale, pulogalamu ya LibreOffice imatsegula bwinobwino.