Kodi Japan Inatukula Maiko Anzake a ku Asia, Kapena Inkangosaka Phindu?

Mphunzitsi wina wa kusekondale wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ophunzira ake anamupanikiza nalo m'kalasi. Akuti dziko la Japan linatuluka m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu 1945 mizinda yake ili phulusa lokhalokha, nanga linalemera bwanji mofulumira chotere? Ndipo kodi n'zoona kuti ndilo linatulutsa maiko oyandikana nalo mu umphawi, kapena linkangofuna anthu ogwira ntchito pamalipiro ochepa?

Aphunzitsi, yankho langa ndi lakuti Japan sinapite kwa anzakewo chifukwa cha chifundo. Inapita chifukwa zinthu zinaithina kwawo, ndipo maiko amene anapindula kwambiri ndi amene anailandira akudziwa kale chimene akufuna kwa iyo.

Kulemera kwake kunayambira kumunda. Nkhondo itangotha, boma linagula minda kwa eni malo akuluakulu n'kuigulitsa motchipa kwa alimi amene kale ankalima mobwereka, moti anthu akumudzi anayamba kukhala ndi ndalama zogulira katundu. Kenaka mu 1950 kunabuka nkhondo ya ku Korea, ndipo asilikali a America anayamba kuoda katundu wambiri ku Japan. Kampani ya Toyota, imene chaka chomwecho inatsala pang'ono kugwa, inatsitsimuka ndi maoda a malole. Dola imodzi inakhazikitsidwa pa mayeni (ndalama za ku Japan) 360 kuyambira 1949 mpaka 1971, zimene zinachititsa kuti katundu wa ku Japan azitchipa kunja, pamene unduna wa zamalonda ndi mafakitale wa MITI unkalozera ndalama zakunja, zomwe zinali zosowa, ku zitsulo, zombo ndi makina. Mu 1960 nduna yaikulu Ikeda Hayato inalonjeza kuti chuma cha dziko chidzawirikiza kawiri m'zaka khumi, ndipo zinatheka nthawiyo isanakwane. Sitima yothamanga ya Shinkansen inayamba kuyenda pakati pa Tokyo ndi Osaka mu 1964, mbali ina ya ndalama zake ili ngongole ya World Bank, ndipo pofika 1968 Japan inali itapitirira West Germany. Ophunzira anu asabisidwe mtengo wake: ku Minamata fakitale ina inathira poizoni wa mercury m'nyanja, ndipo mabanja a asodzi anapuwala ndi kufa.

Ndalama zoyamba zimene Japan inapereka kwa anzake zinali chipukuta misozi cha nkhondo, monga kwa Burma mu 1954, Philippines mu 1956 ndi Indonesia mu 1958. Zambiri zinkaperekedwa ngati katundu ndi ntchito za makampani a ku Japan komweko, choncho chipukuta misozicho chinawatsegulira misika. Eni nthaka anaziona zimenezi. Nduna yaikulu Tanaka Kakuei itafika ku Jakarta, likulu la Indonesia, mu Januwale 1974, anthu okwiya anatentha magalimoto a ku Japan m'misewu, ndipo mu 1977 nduna yaikulu ina, Fukuda Takeo, anakalonjeza ku Manila, likulu la Philippines, kuti dziko lake silidzakhalanso lankhondo ndiponso lidzaona maiko a ASEAN, bungwe la maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ngati anzake ofanana nawo.

Chimene chinasamutsadi mafakitale ndi mgwirizano wa Plaza wa mu 1985, pamene maiko asanu olemera anagwirizana zotsitsa mphamvu ya dola. M'zaka zosakwana zitatu dola inatsika kuchoka pa mayeni pafupifupi 240 kufika cha m'ma 120. Auzeni ana aganizire za kampani ya ku Osaka yopanga wailesi imene imaidyera mayeni 24,000. Poyamba wogula wa ku America ankapereka madola 100, koma tsopano afunika 200 pa wailesi yomweyo. Kampaniyo sikanachitira mwina koma kunyamula makina ake n'kukawakhazika ku Thailand, Malaysia kapena Indonesia, kumene malipiro anali otsika. Katswiri wa zachuma Akamatsu Kaname anali atayerekeza kale kayendedwe kotere ndi atsekwe ouluka pamzere: wotsogola akakwera ku ntchito zapamwamba, zimene wasiya amatola womtsatira.

Koma si onse anatola mofanana, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuti mutsindike. South Korea inalandira kwa Japan madola 300 miliyoni aulere ndi ngongole ya madola 200 miliyoni pamgwirizano wa mu 1965. Boma la Park Chung-hee linaika mbali ya ndalamazi pomanga fakitale ya zitsulo ya POSCO ku Pohang, ngakhale kuti World Bank inkati sizingatheke, ndipo luso linachokera ku makampani a zitsulo a ku Japan, koma mwini fakitale anali Korea. Chowawa n'chakuti anthu amene anagwiritsidwa ntchito ya ukapolo nthawi ya utsamunda wa Japan analandira zochepa kwambiri, ndipo bala limeneli silinapole. Thailand inamanga doko la Laem Chabang ndi ngongole za ku Japan ndipo inasanduka malo aakulu opangira magalimoto, anthu miyandamiyanda n'kupeza ntchito, koma maina a pamagalimotowo ndi Toyota, Isuzu ndi Honda, ndipo zigamulo zikuluzikulu zimachokerabe ku Japan. Malaysia, pansi pa nduna yaikulu Mahathir Mohamad, inayesa njira yapakati poyambitsa galimoto yakeyake ya Proton mu 1985 mogwirizana ndi kampani ya ku Japan ya Mitsubishi, koma inadalira kwambiri chitetezo cha misonkho yokwera pa magalimoto ochokera kunja.

Nayo China inalandira ngongole ndi thandizo la Japan kuyambira mu 1979, n'kumangira njanji ndi madoko, ndipo mu 2010 inalanda Japan malo achiwiri pa chuma padziko lonse. Nthawi imeneyo n'kuti Japan itatha zaka makumi awiri ikutsimphina kuchokera pamene mitengo ya malo ndi masheya inagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero anthu ake akukalamba ndi kuchepa, moti mafakitale, minda ndi nyumba zosamalira okalamba zikudalira achinyamata ochokera ku Vietnam, Philippines ndi Indonesia.

Ngati muli ndi phunziro limodzi lokha la nkhaniyi, agaweni ophunzirawo m'magulu awiri, lina lifufuze za Pohang, lina za Laem Chabang, ndipo gulu lililonse liyankhe kuti ndalama zinachokera kuti, luso linaphunzitsidwa kwa yani, ndiponso mwini fakitale ndani lero.