Mwasintha purosesa? Musathamangire kufomata

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anachotsa purosesa ya AMD Ryzen 3 2200G pa motherboard ya B450 n'kuikapo Ryzen 5 5600, khadi yake ya graphics ya Nvidia ili pomwepo. Kompyuta ikuyaka, koma Windows 10 ikukana PIN, ndipo mnzake wamulangiza kuti angofomata. Funso lake: "Kodi ndiyambirenso zonse?"

Ayi achimwene, musafomate. Windows imazindikira yokha purosesa yatsopano, ndipo poti motherboard ndi yomweyo, kawirikawiri laisensi siivuta. Kuyaka komweko kukusonyeza kuti BIOS yanu (pulogalamu ya motherboard yoyatsa kompyuta) ikuidziwa 5600, ndiye chovuta chachikulu mwachidumpha kale.

Za PIN zikuchokera ku fTPM, kachitetezo kosunga makiyi achinsinsi, kamene pa AMD kamakhala m'kati mwa purosesa momwemo. Makiyi otsimikizira PIN yanu anapita ndi 2200G ija. Lowani ndi password, kenako pangani PIN ina. Koma ena amene simunasinthe, tcherani khutu: ngati BitLocker, pulogalamu ya Windows yokhoma mafayilo, ili yoyatsa, iimitseni kaye, kapena lembani papepala recovery key ya manambala 48. Kompyuta ikakufunsani Y kapena N pa sikirini yakuda ngati ifufute makiyi a fTPM, inu n'kudina Y mulibe kiyiyo, mafayilo anu mudzangowamvera fungo ali m'nyumba yokhoma.

Tsopano ma driver. Tengani chipset driver ya B450 pa webusayiti ya AMD, muiike, muzimitse n'kuyatsanso. Timapulogalamu tolonjeza kukusakirani ma driver onse tija tisiyeni, timangodzaza zinyalala.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti 2200G inali ndi graphics yakeyake, Vega 8, pomwe 5600 ilibe. Choncho Radeon Software yakale, pulogalamu ya graphics ya AMD, ikungokhala popanda ntchito, mwinanso n'kumatulutsa mauthenga odandaula mukangoyatsa. Ichotseni ndi AMD Cleanup Utility. Chingwe cha HDMI nacho chikhale pa khadi ya Nvidia. Mukachilumikiza pa motherboard muona mdima wokhawokha.

Kenako tsegulani Task Manager, pa Performance. Muyenera kuona ma core 6 ndi logical processors 12. Mukaona 4, pitani ku msconfig, Boot, Advanced options, muchotse chizindikiro pa Number of processors. Mu Device Manager, mukasankha Show hidden devices, purosesa yakale ioneka yotuwa. Ifufuteni ngati ikukunyansani, koma siilakwira munthu.

Lowaninso mu BIOS muone liwiro la RAM. Nthawi zambiri limabwerera pa 2133 MHz mpaka mutayatsanso XMP, yothamangitsa RAM pa liwiro lake lonse, imene pa motherboard za ASUS amaitcha DOCP. Ambiri odandaula kuti purosesa yatsopano sikuthamanga, vuto limakhala pamenepa.

China chimene simunafunse: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. 2200G sinali pamndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11, koma 5600 ilipo. Onetsetsani kuti fTPM ndi yoyatsa, kenako yesani PC Health Check, pulogalamu ya Microsoft yoona ngati kompyuta ingalandire Windows 11.