Khansa ikazolowera mankhwala a pulatinamu, pali chinanso?

FUNSO: Adokotala, azakhali anga anawapeza ndi khansa ya timatumba ta mazira, analandira madilipi a carboplatin chotupa mpaka chinaphwa koma pasanathe miyezi isanu chayambiranso ndiye kuchipatala akuti khansayo yazolowera mankhwala. Ine ndinagwirako ntchito m'migodi ku Rustenburg ku South Africa, nditamva zoti mankhwalawo ali ndi pulatinamu ndinadabwa kwabasi, chitsulo chomwe timakumba chija? Nanga bwanji osangosintha n'kuyika chitsulo china? Wowerenga wa ku Ntcheu

YANKHO: Pepani ndi matendawo achimwene. Eya ndi chomwecho ndithu. Mu 1965 wasayansi Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University ku America anaona kuti mabakiteriya asiya kugawikana chifukwa cha pulatinamu wa pa zida zake zamagetsi, ndiye mpomwe panachokera cisplatin yemwe anavomerezedwa mu 1978, kenako carboplatin amene samapweteka impso kwambiri. Cisplatin yemweyu ndi amenenso amaperekedwa pa khansa ya khomo la chiberekero yomwe yatisautsa kuno kwathu.

Pulatinamuyo akalowa mu selo amakakamira pa DNA (kaulusi kosunga malangizo a selo) n'kuyipinda, selo imalephera kugawikana basi imafa. Koma chotupa chimakhala ndi maselo ambirimbiri osafanana ndiye otsala aja ndi amene ali ndi njomba zawo. Ena amachepetsa timakomo tolowera (mankhwalawa amalowera pomwe pamalowera kopa, pa kakhomo kotchedwa CTR1), ena amawapopera kunja, ena amachulukitsa glutathione, kemikolo wa m'selo amene ali ndi salufa, ndipo salufa ndi pulatinamu zimagwirana zolimba moti mankhwala amathera panjira asanafike pa DNA, ndiye palinso ena akatswiri osoka DNA yoonongeka ngati telala wa pamsika. Amenewa akaswana, dilipi yomwe ija sigwiranso. Khansa ikabwerera pasanathe miyezi 6 chimalizireni madilipi madokotala amati yakana pulatinamu.

Ganizo lanu losintha chitsulo asayansi ali nalo kalekale, komatu chomwe chaphulapo kanthu mpaka pano n'kusintha zomwe amamangirira pachitsulocho. Oxaliplatin, amene anapangidwa ku Nagoya ku Japan mu 1976, ndi pulatinamu yemweyo kungoti anamuwonjezera kagawo kakakulu, ndipo amagwira pa khansa ya m'matumbo aakulu pomwe cisplatin amalephera. Picoplatin anamupanga dala kuti salufa uja asamufikire msanga, mu labu zinkaoneka bho, koma pomuyesa pa odwala khansa ya m'mapapo sanatalikitse moyo mokwanira. Satraplatin wakumwa ngati piritsi nayenso sanavomerezedwe. Izitu n'zomwe ine ndimati tisamathamangire nkhani za pa Facebook zoti mankhwala apezeka, kupha maselo m'mbale ya mu labu n'kosavuta.

Zitsulo zina ziliko. Ruthenium, amene amakumbidwa limodzi ndi pulatinamu komwe munali kuja, wayesedwa pa anthu: mankhwala otchedwa NAMI-A a ku Trieste ku Italy sanapite patali, pomwe TLD-1433 amangoyamba kugwira akamuwalitsa ndi kuwala ndipo akuyesedwa pa khansa ya chikhodzodzo. Golide naye, kudzera mu auranofin, mankhwala a nyamakazi amene anavomerezedwa mu 1985, amasokoneza puloteni yotchedwa thioredoxin reductase yomwe maselo amadzitetezera nayo, osadalira DNA, nchifukwa chake ali ndi chiyembekezo pa maselo ozolowera cisplatin. Koma zonsezi zikadali pa kafukufuku, ndiye wina akakuuzani kuti akugulitsa madzi a golide ochiza khansa ameneyo akufuna ndalama zanu.

Kwa azakhaliwo, nthawi zambiri zikatere madokotala amasinthira ku mankhwala opanda pulatinamu monga paclitaxel, gemcitabine kapena doxorubicin. Pitani nawo limodzi tsiku la kiliniki mukafunse omwe alipo, komanso za mankhwala ochepetsa ululu, asamangopirira kunyumba.