Kodi woyamba kuwedza nsomba za bass ayambire pati?

M'bale wina amene akugwira ntchito ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, wanditumizira imelo yofunsa za kawedzedwe ka bass. Akuti anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kumene ankawedza milamba ndi nyongolotsi, koma akapita ndi anzake ku damu la Albert Falls, iwo amakola nsomba pamene iye amabwerako chimanjamanja, ndiye akufuna kudziwa zipangizo zoti agule.

Achimwene, musathamangire kusitolo, chifukwa vuto lanu silili pa zipangizo ayi. Bass ndi nsomba ya ku North America imene inabweretsedwa ku South Africa m'chaka cha 1928, ndipo khalidwe lake n'losiyana kwambiri ndi la mlamba. Mlamba umayendayenda pansi pamadzi n'kumafufuza chakudya ndi fungo, choncho munthu akhoza kuponya mbedza n'kukhala pansi kudikira. Bass ndi mlenje wobisalira: amaima phee pambali pa chitsa chomira, m'mphepete mwa bango, pansi pa masamba a kakombo kapena pamthunzi wa mwala, ndipo kansomba, chule kapena nkhanu ikadutsa pafupi, amatsegula chikamwa chake chachikulu n'kuimeza nthawi yomweyo. Mukaponya pakati pa damu poyera, mukuwedza pamene nsombayo palibe. Muyenera kuyenda m'mbali mwa madzi mwakachetechete, n'kumaponya pafupi kwambiri ndi malo obisalawo, ndipo ngati simunagwire kanthu mutaponya kangapo, sunthirani patsogolo.

Pa zogula, ndodo imodzi yotalika pafupifupi mamita 2, yosalimba kwambiri komanso yosafewa kwambiri, pamodzi ndi spinning reel (reel ndi kachipangizo kokulungira chingwe komangirira pa ndodo) ndi chingwe chopirira makilogalamu 5, n'zokwanira chaka chonse choyamba. Reel ya mtundu wa baitcaster imene mukuiona kwa anzanu muisiye kaye, chifukwa imapiringiza chingwe m'manja mwa munthu wosazolowera.

Nyambo zilipo zambirimbiri, koma ine ndikukulangizani kuti muphunzire imodzi yokha mpaka muidziwe bwino, nayo ndi nyongolotsi ya pulasitiki yofewa, yotalika masentimita 10 mpaka 15. Lowetsani kaye kamtovu kosongoka m'chingwe, kenako mangani mbedza ya saizi 3/0. Bayani mbedzayo kumutu kwa nyongolotsi, muitulutse pafupi pomwepo, muitembenuze, ndipo nsonga yake muikwirire pang'ono m'thupi la nyongolotsiyo, imene iyenera kukhala yowongoka. Awedzi amatcha kamangidwe kameneka Texas rig, ndipo ubwino wake ndi wakuti mbedza siikodwa m'udzu kapena m'nthambi, motero mumaponya mopanda mantha pamene bass ali. Madzi akakhala oyera sankhani yobiriwira moderapo, akakhala amatope sankhani yakuda.

Mukaponya, ilekeni nyambo imire mpaka pansi. Kenako tukulani nsonga ya ndodo pang'onopang'ono, muitsitsenso, mukulunge chingwe chimene chalendewera, ndipo mudikire kamphindi musanabwerezenso. Apa ndi pamene oyamba ambiri amalakwitsa, chifukwa amakoka mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Nthawi zambiri bass amagwira nyambo pamene ikumira, ndipo simumva kukoka kwamphamvu: mumangomva kagogodo kamodzi m'dzanja, kapena mumaona chingwe chikuyenda chokha chammbali pamwamba pa madzi. Zikatero tsitsani ndodo, kungani chingwe, ndipo mukoke m'mwamba kamodzi mwamphamvu kuti nsonga ya mbedza ibowole pulasitiki n'kulowa m'kamwa mwa nsomba. Ikakoledwa imakonda kudumpha n'kumapukusa mutu, ndipo chingwe chikangokhwepa, mbedza imagwa.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere komanso madzulo likupendeka. M'miyezi yozizira ya June ndi July nsombazi zimatsikira kozama ndipo zimadya mwaulesi, choncho musataye mtima. Kuyambira September madzi akayamba kufunda, zimabwera kosaya kudzaswana, ndipo yamphongo ndi imene imalondera chisa. Mukakola yoteroyo ndi bwino kuibweza msanga, chifukwa ikachoka mazira amadyedwa ndi nsomba zina. Poigwira, nyowetsani manja, lowetsani chala chachikulu m'kamwa n'kutsina mlomo wam'munsi, pakuti mano ake ndi aang'ono ongokhakhala, ndipo ikakhala yaikulu muichirikize pamimba ndi dzanja linalo. Nsombayi imakula ndithu: imene msodzi wina dzina lake George Perry anapha ku Georgia, m'dziko la America, mu 1932 inkalemera makilogalamu oposa 10, ngakhale kuti kwa woyamba ya kilogalamu imodzi ndi yonyaditsa kale.

Musanapite, funsani kwa oyang'anira damu za chiphaso chowedzera, chifukwa malamulo amasiyana m'zigawo za dzikolo, ndipo funsaninso ngati m'madzimo muli ng'ona kapena mvuu musanalowetsemo phazi. Chinanso chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musasamutse bass wamoyo kupita naye ku mtsinje kapena damu lina. Malamulo a South Africa amaiika m'gulu la zamoyo zobwera zowononga, chifukwa m'mitsinje ina ya ku Western Cape inatha tinsomba tachilengedwe ta kumeneko, ndipo kuisamutsa popanda chilolezo ndi mlandu.