Mwafunsa, Tayankha: Dzanzi ndi Msana Posinkhasinkha

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndayamba kuphunzira kusinkhasinkha monga amachitira Abuda, koma pakangotha mphindi 10 miyendo imachita dzanzi, msana n'kuyamba kuwawa. Kodi ndiyenera kusanjika mapazi pantchafu ngati pazithunzi za Buddha? — Wowerenga, Zomba

YANKHO: Ayi, musadzikakamize. Kusanjika mapazi onse awiri pantchafu kumafuna chiuno chofewa. Chiuno chikakhala cholimba, bondo ndi limene limapotoka, ndipo likavulala limachedwa kupola.

Chofunika kwambiri n'chakuti chiuno chikwere kuposa mawondo. Mukakhala pansi popanda chokhalira, chiuno chimapendekera kumbuyo, msana umapindika, minofu n'kuyamba kulimbana ndi thupi lonse. Ululu mukumvawo ukuchokera pamenepo, ndipo maganizo sangakhazikike thupi likudandaula. Pindani bulangete lifike masentimita 10 mpaka 15, kapena pezani khushoni yolimba. Abuda a gulu lotchedwa Zen ku Japan amakhalira yozungulira yotchedwa zafu. Khalani chakutsogolo kwake, osati pakati. Mawondo onse agunde pansi kuti iwo ndi matako akhale ngati mafuwa atatu. Bondo likalendewera, liikireni kansalu kopinda pansi pake. Miyendo ingogona pamphasa, wina kutsogolo kwa unzake, osasanjikiza.

Mphunzitsi wa Zen, Dogen, amene anamwalira mu 1253, analangiza kuti makutu alunjikane ndi mapewa, mphuno ilunjikane ndi mchombo, lilime likhudze kumwamba kwa m'kamwa, maso akhale otsegula. Malangizo otsegula masowa anthu ambiri amawanyozera, koma wotsinzina sachedwa kuwodzera. Yang'anani pansi, pafupifupi mita imodzi patsogolo panu. Manja akhale pamiyendo pansi pa mchombo, lamanzere pamwamba pa lamanja, zala zazikulu zikungokhudzana. Zalazo zikagwa, dziwani kuti tulo talowa. Zikakanikizana, mwaumitsa thupi.

Dzanzi limabwera mtsempha ukapanikizika, makamaka kunja kwa bondo kapena pomwe m'mphepete mwa khushoni mwadinda ntchafu. Sunthani pang'ono, ndipo musadzuke mwendo usanatsitsimuke, mungagwe. Koma ululu wobaya m'bondo si wopirira: masulani miyendo nthawi yomweyo. Dzanzi likamatenga maola osatha, kaonaneni ndi dokotala.

Yambani ndi mphindi 10, muziwonjezera 5 sabata iliyonse. Ngati mawondo akukanabe, khalani pampando, mapazi onse aponde pansi, msana osatsamira.