Yankho kwa mayi ofunsa za sikani ya mano ndi phala loyezera m'kamwa

Mayi, funso lanu ndaliona mochedwa, ndemanga zapita kale patali, ndiye ndilibwereze kaye kuti obwera pambuyo asasokere. Mwati dzino lanu lakumbuyo linabenthuka atalichotsa mtsempha, adokotala akuti lifunika crown, kachipewa kolimba kovindikira dzino, ndipo mwafunsa mitengo malo awiri kuno ku Johannesburg. Kwina akuti adzakuyezani ndi phala lija amaika m'kamwa, kwina akuti adzajambula ndi sikani koma mtengo wake ndi wokwererako. Ndinu oyembekezera, mukuopa kuti sikaniyo ingavulaze mwana, komanso mukufuna zonse zithe musanapite kumudzi mu Disembala. Ine sindine dokotala wa mano. Ndimagwira mu labu, ndife timapanga ma crown ndi mano oyikirira madokotala akatitumizira muyezo, choncho njira ziwiri zonsezi zimathera pa tebulo langa.

Za mwana, mtima m'malo. Abambo amene alemba pamwambapa kuti sikani ndi X-ray yomweyo asakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Sikani ya m'kamwa ndi kamera basi. Kachipangizo kake amakagwira m'manja, kunsonga kwake kuli nyali ndi kagalasi, ndipo kamajambula zithunzi zambirimbiri motsatizana pamene akukayendetsa pa mano. Kompyuta imalumikiza zithunzizo n'kutulutsa mano anu pa sikirini, oti mutha kuwatembenuza n'kuwaona mbali zonse. Mulibe cheza cholowa m'thupi ngati cha X-ray, ndi kuwala wamba. Ndipo n'chifukwa chakenso sikani imangoona za pamwamba. Siona muzu, siona fupa, siona mafinya amene abisala pansi pa dzino. Ngati adokotala akufuna kudziwa kuti ntchito ya mtsempha ija inayenda bwino, adzafunabe X-ray, ndipo apo muwauze msanga kuti muli ndi pakati, iwo aweruze ngati n'kofunika panopa kapena kudikira. Wina akakuuzani kuti makina ake a sikani aona zonse, X-ray n'njosafunika, mukayikireni.

Kuti mumvetse chimene mukulipirira, ndifotokoze mmene njira yakale imayendera. Aliyense amene anaumbako njerwa akudziwa kuti chikombole chikapindika, njerwa zonse zituluka zopindika, ngakhale dothi likhale labwino bwanji. Phala lija ntchito yake ndi kupanga chikombole cha mano anu. Amalithira m'kathireyi, amalikanikiza m'kamwa, inu mumakhala chete mphindi zingapo mpaka ligwire, kenako amalizula. Ku labu timathiramo pulasitala, ikauma timapeza mano anu amwala, ndipo crown timaipangira pamenepo. Mapalawa ali mitundu. Lotchipa, alginate, limachokera ku zomera za m'nyanja yamchere ndipo silipirira: likakhala pamphepo limafota, likakhala m'madzi limatupa, ndiye limayenera kuthiridwa pulasitala mwamsanga. La silikoni, limene madokotala ambiri amagwiritsa ntchito pa crown, ndi lolimba mtima, limasunga mawonekedwe masiku angapo. Dokotala wa dzanja labwino akayeza ndi silikoni, crown imatuluka yabwino kwambiri, zimenezi ndisakubisireni.

Vuto ndi lakuti cholakwika chimaoneka mochedwa. Phukusi limafika ku labu pa njinga yamoto madzulo, ndimalitsegula, ndimaika pansi pa galasi lokulitsa, ndipo m'mphepete penipeni pamene crown iyenera kukumana ndi nkhama ndimapezapo kabowo ka mpweya, kapena phala lang'ambika pozula, kapena malovu anakhala pamenepo moti mzere wake sukuoneka. Pamenepo pali njira ziwiri. Kuimbira adokotala kuti aitanenso wodwala, amene wapita kale kunyumba ndipo mawa ali ku ntchito, kapena kungoyerekeza pamene mzerewo unayenera kudutsa. Alipo amene amangoyerekeza, makamaka ntchito ikachuluka. Mapeto ake ndi crown yosiya kampata m'mphepete. Pantchito yathu timati mpata umenewu usapitirire ma micron pafupifupi 120, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 8 a milimita. Ukakula kuposa apo, zakudya ndi tizilombo zimapeza polowera, dzino limayamba kuwola kunsi kwa crown mwiniwake osadziwa, mpaka tsiku limene fungo kapena ululu udzamuuze.

Apa ndi pamene sikani imapambana, ndipo kwa ine uwu ndiwo ubwino wake waukulu kuposa ena onse amene amalembedwa pa zikwangwani. Cholakwika chimaoneka inu mukadali pampando. Adokotala amakulitsa dzino lanu pa sikirini mpaka lidzaze sikirini yonse, amaona pamene sipanajambulike bwino, amafufuta kachigawo kameneko kokha, amaumitsa ndi mpweya, n'kujambulanso. Mphindi imodzi yatha. Makina ambiri amasonyezanso ndi mitundu ngati mpata pakati pa dzino losemedwa ndi linzake lakumwamba ndi wokwanira kuti crown ikhale yochindikala bwino, ndipo ngati wachepa amasema pang'ono pomwepo. Ndi phala, zimenezi timadzazitulukira ife ku labu. Kenako fayilo imabwera pa intaneti, nthawi zina inu musanafike n'komwe pa renki ya taxi. Fayilo siifota, siitupa, siisweka m'njira, ndipo siisinthana ndi ya munthu wina chifukwa chikwama chanyowa pepala la dzina n'kufufutika.

Kwa inuyo pali chinanso. Ndi mimba, mseru sukhala patali, ndipo thireyi yodzaza phala ikafika kumbuyo kwa lilime ambiri amafuna kusanza ngakhale asali oyembekezera. Phala likalowa simungati dikirani kaye, muyenera kupirira mpaka ligwire, mukagwedezeka ayambiranso. Ndi sikani mutha kukweza dzanja, aime, mumeze malovu, mupume, kenako apitirize pamene anasiyira. Amajambula mano akumunsi, akumwamba, kenako amakuuzani mulume kuti aone mmene amakumanirana. Kwa wozolowera ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nsonga yake ndi yaikuluko, kumbuyo kwenikweni imakanikiza tsaya, koma sizifika poipa.

Koma mimba yomweyo ili ndi msampha wake. Nkhama za amayi oyembekezera zimatupa msanga ndipo zimatuluka magazi zikangokhudzidwa. Kamera imajambula chimene ikuona, ikaona magazi ijambula magazi. Ngati m'mphepete mwa dzino lanu muli pansi pa nkhama, ndipo mano obenthuka ambiri amatero, adokotala ayenera kulowetsa kaulusi kozungulira dzino kuti nkhama ipatuke, aletse magazi, aumitse, kenako ajambule. Dokotala waulesi akadumpha zimenezi, sikani ya mtengo wapatali bwanji situlutsa kanthu, fayilo imafika kwa ine yokongola mitundu koma mzere wofunikawo mulibe. Pa dzino lobenthuka mozama kwambiri, nthawi zina silikoni imachita bwino, chifukwa imalowa pamene kuwala sikufika. Ndiye masabata ano tsukani mano bwinobwino ndi mswachi wofewa, pititsani ulusi pakati pa mano, ndipo ngati akuuzani zoti ayambe akutsukani ku chipatala musakane poganiza kuti akungofuna ndalama. Nkhama zikakhala bata muyezo umatuluka bwino, kaya ndi wa njira iti.

Achimwene ena anena kuti zimenezi n'zatsopano, akuyesera pa ife. Ayi ndithu. Dokotala wa ku France, François Duret, analemba za kuyeza mano ndi kuwala kale mu 1973. Ku yunivesite ya Zurich, Werner Mörmann ndi Marco Brandestini anapanga makina otchedwa CEREC, ndipo wodwala woyamba anathandizidwa nawo mu 1985. Makina oyambirira ankafuna kuti mano awazidwe kaufa koyera kaye kuti kamera ione, amakono safuna zimenezo. Masiku ano mudzamva maina monga iTero, imene kampani ya Align Technology inagula mu 2011, TRIOS ya 3Shape ya ku Denmark, Primescan ya Dentsply Sirona, ndi Medit ya ku South Korea imene inatsitsa mitengo moti zipatala zing'onozing'ono zinayamba kukwanitsa. Musavutike ndi dzina la makina. Pa crown imodzi onsewa amagwira bwino, chosiyana ndi dzanja logwira.

Za nthawi, samalani pang'ono. Kukhala ndi sikani sikutanthauza kuti crown mutenga tsiku lomwelo. Kuti zitero, chipatalacho chiyenera kukhalanso ndi makina osemera crown kuchokera ku kachidutswa ka ceramic, komanso uvuni wootchera. Amene ali nazo zonse amatha kumaliza pa ulendo umodzi wa maola angapo, jakisoni wa dzanzi kamodzi, popanda crown yongoyembekezera, ija amaika podikira yeniyeni. Ambiri ali ndi kamera yokha, fayilo amatumiza kwa ife, ife timajambula crown pa kompyuta, timasema zirconia, mtundu wa ceramic wolimba kwambiri, timaotcha, timapaka mtundu, ndipo mumabweranso pakatha masiku. Zimafulumirabe kuposa phala, chifukwa palibe kudikira wa njinga kapena pulasitala kuti iume. Pa dzino lakumbuyo limene latsala lochepa, ineyo ndimakonda zirconia ya ku labu chifukwa cha kulimba kwake, koma izi mukambirane ndi amene aona m'kamwa mwanu.

Kodi ndalama yowonjezerayo ikuyenera? Funsani kaye kuti kukwerako kwachokera pati. Nthawi zambiri si sikani imene yakweza mtengo, koma mtundu wa crown. Mwina kumene akuti phala akukupatsani crown yachitsulo yokutidwa ndi porcelain, pamene kwinako ndi zirconia. Apempheni onse awiri akulembereni mtengo pa pepala, chilichonse pachokha ndi ma code ake, makamaka ngati muli pa medical aid. Ngati crown ndi yofanana ndipo kusiyana n'kochepa, ine ndingasankhe sikani, poganizira mseru wanu ndi kuti simukufuna kubwerezedwa nthawi ili yochepa chonchi. Ngati kusiyana n'kwakukulu moti kukhudza ndalama ya matewera, ndipo dokotala wa phalayo anthu amamuyamikira, pitani konko mtima uli m'malo. Onetsetsani chabe kuti ndi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno ku South Africa, mutha kufufuza dzina lake pa intaneti. Ndipo musachedwe, chifukwa mimba ikakula kugona chagada pampando paja kumatopetsa.

Pakhala mafunso ena m'munsimu, ndiwayankhe mwachidule. Achemwali ofunsa za mawaya owongolera mano a mwana wawo: sikani imathandiza kwambiri pamenepo, ndipo zowongolera mano zapulasitiki zoonekera mkati zija, monga Invisalign, zimapangidwa kuchokera pa fayilo yotereyi. Koma chithunzi chimene amakuonetsani cha mmene mano adzaonekere pomaliza ndi chongoyerekeza cha kompyuta, musachitenge ngati lonjezo. Amene afunsira agogo awo opanda dzino ndi limodzi lomwe: apo phala likadali ndi malo ake. Nkhama zopanda mano ndi zosalala, kamera imasowa pogwira polumikiza zithunzi, komanso mano oyikirira amafuna muyezo wa mmene masaya ndi lilime zimayendera, zimene kamera sizitenga bwino. Ambiri timasakaniza njira ziwirizi.

Chimodzi chimene anthu sachidziwa, fayilo ija mutha kuipempha. Nenani kuti akupatseni fayilo ya mtundu wa STL kapena PLY, pa imelo kapena pa flash. Ndi mbiri ya m'kamwa mwanu. Pakatha zaka akajambulanso, kompyuta imasanjikiza ziwirizo n'kusonyeza pamene mano aperepeseka chifukwa chokukuta usiku kapena pamene nkhama zatsika. Mwana akataya retainer, yovala kuti mano owongoledwa asasunthenso, imapangidwanso kuchokera pa fayilo, bola mano asanasunthe. Kwathu ku Malawi ndikuona kuti phindu lake lingakule kuposa kuno, chifukwa ma labu ndi ochepa ndipo ali m'mizinda. Chikombole cha alginate choyenda pa basi tsiku lonse kutentha chimafika chitasintha, pamene fayilo imafika mmene inachokera. Zotchinga ndi mtengo wa makina umene umafuna ndalama zakunja, magetsi ozimazima, ndi intaneti. Komanso tinene zoona, kumudzi vuto lalikulu ndi lakuti munthu amafika ku chipatala dzino litatheratu, chotsala n'kuzula. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Achinyamata amenewo ndi amene adzasankhe zipangizo zoyenera kwathu.

Popeza mukupita kumudzi, yesetsani kuti crown yeniyeni imatidwe kukadali masabata awiri kapena atatu ulendo usanafike, kuti ngati ikukwera poluma mubwerere akaisemeko pang'ono. Musanyamuke ndi yongoyembekezera ija, simenti yake ndi yofooka dala, ndipo chimanga chootcha kapena mzimbe siichedwa kuizula. Ikadzagwa muli uko, itsukeni, muisunge m'kabotolo, musaimate ndi supa guluu, ndipo pitani nayo ku dipatimenti ya mano ku Kamuzu Central, ku Queen Elizabeth kapena ku chipatala cha boma lanu akaibwezere ndi simenti yake.